Mnzanga wa kuntchito akuti ndi Druid, akundiitana ku Stonehenge kokadikira dzuwa. Ndipite?

MayiWaMvano_Salisbury

Moni nonse abale anga a kuno ku UK ndi a kumudzi omwe. Pepani ndilemba zambiri koma ndithandizeni maganizo. Ine ndimagwira ntchito yosamalira agogo pa nyumba ina ya okalamba kufupi ndi Salisbury, chibwerereni kuno chaka chatha ndi miyezi ingapo. Nde pali mzungu wina timakhala naye shifiti ya usiku, mayi wamkulu ndithu, wabwino mtima zedi, ndi amene anandiphunzitsa kagwiritsidwe ntchito ka makina onyamulira odwala aja ndili mlendo wosadziwa kanthu, tsiku lina ndinaiwala chakudya kunyumba iye anagawa supu yake pakati tinadyera limodzi. Ndikunena izi kuti mudziwe kuti si munthu woti ndingangomuyankha mwachipongwe ayi.

Dzana tikumwa tiyi cha m'ma 3 koloko usiku agogo onse atagona, wangoyamba kuti pa 20 Juni madzulo tipitire limodzi ku Stonehenge, malo a miyala ikuluikulu yakalekale yoimikidwa mozungulira, tikachezere usiku wonse mpaka dzuwa lituluke pa 21, akuti ndi summer solstice, tsiku lalitali kuposa onse pa chaka, komanso tsiku limenelo kulowa ndi ulere. Ine ndati aaa kukaona miyala palibe vuto, ndimangoyionera patali ndikamadutsa pa msewu wa A303. Kenako akuti iyeyo ndi Druid, ali ndi mkanjo wake woyera umene amavala, ndipo iye ndi anzake amakaima mozungulira n'kumaitana mtendere kum'mawa, kummwera, kumadzulo ndi kumpoto. Apo ndiye mtima unangoti myuu. Ndinangoti ndiona kaye rota kkkk.

Iye akuti makolo awo akhala akuchita zimenezi zaka masauzande pa miyala yomweyo. Ndiye funso langa ndi lakuti ma Druid wa ndi ndani kwenikweni? Ndi afiti? Ndi za satanic zija timamva kumudzi? Ndi iwowa anamanga miyala ija? Ine ndine wa Mvano, yunifomu yanga ndinabwera nayo mu sutikesi, sindikufuna kukapezeka pamalo poti mawa ndizilephera kupemphera. Koma sindikufunanso kumukhumudwitsa munthu amene wandisunga ngati m'bale wake. Amene munapitako kapena mukudziwa mbiri yake ndiuzeni zoona, osati za mphekesera chonde.

Chingalande_Swindon

Kkkkkk asisi musaope, palibe amene akakutengeni magazi. Ine ndinapitako ndi anzanga awiri mliri wa Covid usanabwere, tinangoti tikaone zimene azungu amachita akapenga. Ndikuuzeni chinthu chimodzi, ma Druid enieni ovala zoyera aja ndi ochepa kwambiri pa chigulu chonse chija, mukhoza kutha ola lathunthu osakumana nawo. Ambiri ndi anthu wamba, ana a ku yunivesite, alendo ochokera mayiko ena mafoni m'mwamba, mabanja ndi ana awo atakulungidwa m'mabulangeti, ena akuchita yoga, a Hare Krishna akuimba zawo uko, pakati pa miyala pali oimba ng'oma amene samapuma usiku wonse, ndipo kaimbidwe kake aaa mwana wa kwathu ku Dowa atha kulira, ng'oma 20 aliyense akuimba nyimbo yake. Fungo la chamba lokha ndiye musadabwe nalo, mowa analetsa kulowa nawo kuyambira 2016 ndipo pageti amasecha zikwama, koma anthu ndi anthu.

Chimene chinandigwira mtima ine si dzuwa ayi, ndi miyala. Masiku onse ukalipira umangoyenda kunja kwa chingwe kuionera chapatali, koma usiku umenewo amakulola kulowa pakati penipeni n'kuigwira. Ndinayika dzanja pa mwala umodzi cha m'ma 2 koloko, pamwamba pake pali ndere zouma zokanda m'manja, kuyang'ana m'mwamba mwalawo ukungopitabe ndipo pamwamba pake agonekapo wina chopingasa ngati mphuthu ya chitseko. Ndinangoti koma anthu amenewa anaukweza bwanji opanda kireni. Pambali panga mayi wina anali atatsamira mwala womwewo chipumi, maso otseka, misozi ikutsika, osalankhula ndi munthu. Sindinamufunse, ndinangosuntha.

Malangizo anga ndi a thupi osati a mzimu kkk. Musanamizidwe ndi mawu oti summer, pa chigwa chija palibe mtengo wotchinga mphepo, kuyambira 1 koloko mpaka 4 kumazizira ngati Dedza mwezi wa Juni, ine ndinapita ndi kajekete kopepuka ndi nsapato za chinsalu, mame ananyowetsa masokosi onse ndinkangodumphadumpha ngati ndikuvina nawo pomwe ndikufuna kutenthetsa mapazi. Tengani jekete lenileni, chipewa, nsapato zotseka, tiyi mu fulasiki ndi kabulangeti. Botolo la galasi ayi, tenti ayi. Galimoto yanu isiyeni, pamakhala mabasi apadera ochokera ku Salisbury konko, paking'i ndi yolipira komanso potuluka m'mawa mzere wake ndi wosautsa. Dzuwa limalowa cha m'ma hafu 9 usiku n'kutuluka isanakwane 5 koloko, ndiye mdima weniweni ndi maola ochepa chabe.

MphunzitsiWakale_Bristol

Achemwali, funso lanu lili ndi mbali ziwiri, ya chikumbumtima ndi ya mbiri. Ya chikumbumtima ndiisiyira inu ndi abusa anu, ine ndinena ya mbiri poti ndi imene ndinkaphunzitsa ku sekondale kumudzi ndisanabwere kudzakalamba kuno.

Mnzanuyo si wabodza koma pamene akuti makolo awo ma Druid akhala akuchita izi zaka masauzande pa Stonehenge, mbiri sikumuvomereza. Stonehenge inayamba ngati ngalande yozungulira ndi mtumbira wake cha m'ma 3000 Yesu asanabadwe, miyala ikuluikulu ija inaimikidwa cha m'ma 2500 Yesu asanabadwe. Ma Druid amene timawadziwa m'mabuku a Agiriki ndi Aroma ndi a zaka mahandiredi omalizira Yesu asanabadwe. Pakati pa omanga miyala ndi ma Druid pali mpata wa zaka pafupifupi 2000, kutalika kwake ngati pakati pa ifeyo ndi Pilato. Ma Druid anaipeza miyalayo ili kale yakalekale. Zili ngati ku Chongoni ku Dedza kuja, zojambula zofiira zija akuti ndi za Akafula, Achewa anazipeza n'kuwonjezerapo zawo zoyera, malo amodzi eni ake osiyana.

Omangawo ndiye anali anthu oopsa. Miyala yaikulu ija yolemera matani ngati 25 umodzi anaitenga ku West Woods pafupi ndi Marlborough, makilomita 25 kuchokera pamalopo. Ing'onoing'ono yotchedwa bluestones inachokera ku mapiri a Preseli ku Wales, makilomita oposa 200. Ndipo mu 2024 akatswiri anapeza kuti mwala wogona pakati uja, Altar Stone, unachokera kumpoto chakum'mawa kwa Scotland, mtunda woposa makilomita 700, nthawi imene kunalibe ngolo ya mateyala kuno. Za dzuwa ndi zoona, ukaima pakati n'kuyang'ana kumene kuli mwala woima paokha wotchedwa Heel Stone, dzuwa la tsiku lalitali limatulukira cha pamenepo. Koma mzere womwewo ukautembenukira kumbuyo ukuloza pamene dzuwa limalowera pa tsiku lalifupi la Disembala, ndipo akatswiri ambiri akuganiza kuti phwando lalikulu linali la Disembala osati la Juni. Ku Durrington Walls, makilomita atatu okha kuchokera pa miyala, kumene omangawo ankakhala, anafukula mafupa a nkhumba ochuluka zedi ndipo mano ake akusonyeza kuti zambiri zinaphedwa zili ndi miyezi ngati 9, kutanthauza pakati pa dzinja lawo lozizira. Ndiye tinene kuti chigulu cha mu Juni chija mwina chikulakwitsa tsiku ndi miyezi 6 kkkk.

Nanga ma Druid akalewo anali ndani? Vuto ndi loti iwowo sanatisiyire buku ngakhale limodzi, zonse timamva kwa adani awo. Julius Caesar amene anagonjetsa Gaul, kumene lero ndi France, pakati pa 58 ndi 50 Yesu asanabadwe, analemba kuti ma Druid anali ansembe, oweruza milandu komanso aphunzitsi, sankapita ku nkhondo, sankakhoma msonkho, ndipo munthu wokana chigamulo chawo ankamuletsa kufika pa nsembe, anthu onse n'kumamusala. Maphunziro awo anali oloweza pamtima, ena mpaka zaka 20, kulemba chiphunzitso chawo kunali koletsedwa. Ankaphunzitsa kuti mzimu sufa koma umasamukira mwa munthu wina. Caesar yemweyo ndi amene ananena zoti ankaotcha anthu amoyo m'chifanizo chachikulu cholukidwa ndi nthambi, koma kumbukirani kuti uyu ndi msilikali amene akufuna anthu akwawo aone kuti wachita bwino kugonjetsa mtundu wa anthu, mawu ake tiziwathira mchere pang'ono.

Mkanjo woyera wa mnzanuyo ukuchokera kwa munthu mmodzi, Pliny wamkulu, amene analemba cha m'ma 77 kuti ma Druid akapeza kamtengo kena komera pa nthambi za mtengo wa oak, azungu amati mistletoe, wansembe wovala zoyera ankakwera mu mtengomo n'kukadula ndi zenga lagolide, ena n'kuwakha pa nsalu yoyera kuti kasagwe pansi, kenako n'kupha nkhunzi ziwiri zoyera. Koma tamverani tsiku lake, Pliny akuti tsiku lachisanu n'chimodzi la mwezi wa kumwamba. Mwezi, osati dzuwa. Ndipo malo ake ndi m'nkhalango, osati pa miyala. Tacitus naye pofotokoza mmene asilikali a Suetonius Paulinus anathirira nkhondo chilumba cha Anglesey cha m'ma 60, akunena za amayi ovala zakuda tsitsi lili nyankhalala atanyamula miuni, ma Druid manja m'mwamba akutemberera, ndipo Aroma atapambana anagwetsa nkhalango zawo zopatulika. Palibe ndi mmodzi yemwe mwa olemba akalewa amene akutchula Stonehenge kapena phwando la solstice. Masiku akuluakulu amene timawapeza m'zolemba zakale za ku Ireland ndi anayi, Samhain pa 1 Novembala, Imbolc pa 1 Febuluwale, Beltane pa 1 Meyi ndi Lughnasadh pa 1 Ogasiti, onsewo otsatira ziweto ndi zokolola.

Amene anakwatitsa ma Druid ndi Stonehenge ndi azungu awiri okonda zakale, John Aubrey m'zaka za m'ma 1600 ndi William Stukeley amene anatulutsa buku lake mu 1740 lonena kuti miyalayo inali kachisi wa ma Druid. Apa ndiye museke achemwali, Stukeley yo anali wansembe wa Anglican, ndipo iye ankakhulupirira kuti ma Druid ankatsata chipembedzo cha Abrahamu, Akhristu asanakhale Akhristu. Anali katswiri woyeza malo, ndi amene anazindikira za mzere wa dzuwa uja, koma nthawi imeneyo panalibe njira yodziwira zaka za zinthu, ndiye chilichonse chimene sichinali cha Aroma ankangopatsa ma Druid poti ndi okhawo ankawadziwa. Mu 1781 ku London kunayamba gulu la Ancient Order of Druids, limene linali ngati kalabu ya azibambo yothandizana pa matenda ndi maliro osati chipembedzo, Winston Churchill analowa nawo mu 1908. Gulu lomweli linakachita mwambo waukulu pa Stonehenge mu 1905, mwezi wa Ogasiti, atavala mikanjo yoyera ndi ndevu zomata. Zithunzi zake zilipo pa intaneti kazioneni nokha.

MkuluWaMpingo_Leeds

Amayi a Mvano, moni m'dzina la Ambuye. Aphunzitsi mwalongosola bwino ndipo ndaphunzirapo, koma mukuona ngati kunena kuti mwambo ndi watsopano ndiye kuti ulibe kanthu, ine pamenepo ndikukana. Mwana wa ng'ombe wagolide uja anapangidwa tsiku limodzi koma anthu anamugwadira ndithu. Kaya mwambo uli ndi zaka 300 kaya 3000, funso ndi loti munthu akaimika manja kuyang'ana dzuwa akulankhula ndi ndani. Werengani Deuteronomo 4 ndime 19 pamene akuchenjeza za kukweza maso kumwamba n'kukopeka ndi dzuwa, mwezi ndi nyenyezi, muwerengenso Ezekieli 8 ndime 16, amuna aja anafulatira kachisi n'kuyang'ana kum'mawa kulambira dzuwa. Chithunzi chake n'chomwecho.

Sindikunena kuti mnzanuyo ndi mfiti, ayi, tisamanamizire anthu. Inenso ndili ndi neba wa zomwezi, amandibweretsera maapozi a m'munda mwake ndipo mkazi wanga atagonekedwa m'chipatala ndi iye ankatengera ana kusukulu, pomwe ena opemphera nawo sanaimbe ndi foni yomwe. Koma ubwino wa munthu ndi nkhani ina, guwa lake ndi nkhani ina. Iwowo amadzitcha okha ma pagan, mawu amene ife timati achikunja, sitikuwatukwana ndi ife. Malangizo anga, ngati mukufuna kuona miyala pitani tsiku wamba mulipire pageti muone ntchito ya manja a anthu akale mubwerere. Ngati mwaganiza zopita usiku umenewo, mukaima pa mzere wozungulira uja ndi kuyankhira nawo mawu awo ndiye mwalowa m'mapemphero a eni, pamenepo musadzinamize kuti mukungoonerera. Muuzeni mnzanuyo mwaulemu, munthu wabwino sakwiya ndi ayi wa ulemu.

Nachisale_Cardiff

Abambo a ku Leeds ndakumvani ndipo pa nkhani yoima pa mzere ndikugwirizana nanu, koma mawu oti Druid wa asatiopseze onse mofanana, kuno ku Wales ali ndi tanthauzo lina. Chaka chilichonse kumayambiriro kwa Ogasiti kumakhala National Eisteddfod, chikondwerero cha ndakatulo ndi nyimbo m'chiyankhulo cha Welsh, ndipo amene amaveka wopambana chisoti kapena kumukhazika pa mpando ndi gulu lotchedwa Gorsedd, mtsogoleri wake amamutcha Archdruid. Amavala mikanjo yoyera, yabuluu ndi yobiriwira, amasolola lupanga theka n'kufunsa khamu ngati kuli mtendere, anthu n'kuyankha kuti mtendere. Koma ambiri mwa ma Archdruid akale anali abusa a matchalitchi a kuno, ndipo Rowan Williams analandiridwa m'gululi mu 2002 atangosankhidwa kukhala Archbishop wa Canterbury, manyuzipepala anachita phokoso kuti bishopu walowa chikunja, iye anati ayi ndi ulemu wa chikhalidwe basi. Mwana wanga amaphunzira Welsh kusukulu ndiye zinthu izi timazionera pa TV chaka ndi chaka.

Chosangalatsa ndi choti Gorsedd yo anaiyambitsa munthu mmodzi womanga nyumba za miyala, Edward Williams, wodziwika kuti Iolo Morganwg. Msonkhano woyamba anachitira pa kaphiri ka Primrose Hill mu London pa 21 Juni 1792, anangoyala timiyala mozungulira pa udzu n'kunena kuti uwu ndi mwambo wa makolo umene unasungidwa mobisa kwawo ku Glamorgan. Patapita zaka zoposa 100 akatswiri anadzapeza kuti zolemba zambiri zimene ankati ndi zakale anapeka yekha, anali ndi luso loopsa lotsanzira ndakatulo zakale moti anapusitsa dziko lonse. Dzina loti Alban Hefin limene ma Druid a lero amatchulira solstice ya Juni likuchokera kwa iyeyo, ngakhale kuitana mtendere kumene mnzanu amachita kuja mizu yake ndi yomweyo. A Welsh akudziwa zonsezi koma mwambo sanautaye, akuti unathandiza kusunga chiyankhulo chawo chimene chinatsala pang'ono kumezedwa ndi Chingelezi.

Komanso abambo, moto wa pakati pa chilimwe si wa achikunja okha. Tchalitchi chinaika kubadwa kwa Yohane M'batizi pa 24 Juni, miyezi 6 Khirisimasi isanafike, ndipo usiku wa pa 23 anthu ankasonkha moto pa mapiri ndi m'misewu Ulaya yense, mpaka lero kumadzulo kwa Ireland amasonkhabe, ku Penzance ku Cornwall kuli Golowan, ku Latvia ndi holide yeniyeni amavala nkhata za masamba a oak kumutu n'kuchezera kuimba mpaka kuche. Asisi a ku Salisbury mukafuna malo opanda chipwirikiti, ku Anglesey kuli manda akale otchedwa Bryn Celli Ddu, dzuwa la tsiku lomwelo limalowa m'kanjira kake mpaka m'kati, anthu amakhala ochepa, kungoti kwa inu ndi kutali.

Wa_Area25

Koma inu a ku UK muli ndi nthawi kkkk kuchezera usiku wonse kudikira dzuwa lomwe limatuluka daily? Kuno Juni yemweyu tikufunda mabulangeti awiri, ana akupita kusukulu milomo itayera ndi chisanu, hafu 5 kwada kale. Nde inu mukuti tsiku lalitali pa chaka, zikutheka bwanji mwezi umodzi womwewu? Aphunzitsi tandimasulireni, geography ndinkathawa.

MphunzitsiWakale_Bristol

Kkkk a Area 25 mukanakhala m'kalasi mwanga mukanasesa bwalo. Dziko lathuli ndi lopendekeka madigiri 23 ndi theka pamene likuzungulira dzuwa. Mu Juni mbali ya kumpoto ndi imene yaweramira ku dzuwa, ya kummwera kumene kuli inu yafulatira, nde tsiku lomwelo la 21 Juni kwa inu ndi lalifupi kuposa onse, lalitali lanu ndi la mu Disembala. Simuzindikira chifukwa Lilongwe ali pafupi ndi pakati pa dziko, kusiyana kwa tsiku lalitali ndi lalifupi sikufika maola awiri. Ku London mu Juni kumawala maola oposa 16 ndi theka, mu Disembala osakwana 8. Chaka changa choyamba kuno ndinkapita kuntchito kuli mdima kubwera kuli mdima miyezi itatu, ndinayamba kungokhala wokwiya osadziwa chifukwa. Kumudzi timadikira mvula ndipo miyambo yathu ya nsembe inali ya mvula. Kuno mvula ndi ya tsiku lililonse, chimene amachisowa ndi dzuwa.

Ndimalizitse mbiri ija poti ndinaima pa ndevu zomata. Chipembedzo chenicheni cha ma Druid a lero ndi ma pagan anzawo chinakhazikika nkhondo yachiwiri itatha. Lamulo loletsa ufiti ku England linachotsedwa mu 1951, Gerald Gardner anatulukira poyera ndi Wicca, chipembedzo china cha ma pagan, mnzake Ross Nichols anayambitsa Order of Bards, Ovates and Druids mu 1964, ndipo ndi anthu a nthawi imeneyo amene anaphatikiza masiku anayi a ku Ireland aja ndi ma solstice awiri ndi masiku awiri amene usana ndi usiku zimafanana, kukhala zikondwerero 8 pa chaka. A Wicca solstice ya Juni amaitcha Litha, dzina limene Bede, mmonke wachikhristu, analemba mu 725 ngati dzina la miyezi ya Juni ndi Julayi kwa ma Anglo-Saxon, ndipo linamatidwa pa chikondwererochi m'zaka za m'ma 1970 ku America. Kalembera wa 2021 anapeza anthu 74,000 ku England ndi Wales odzitcha ma pagan, kuchoka pa 57,000 mu 2011, ndipo mu 2010 bungwe la boma loona za ma charity linavomereza The Druid Network ngati gulu la chipembedzo.

Ulere mukukalowa uja sunabwere wokha. Kuyambira 1974 pankachitika chikondwerero cha nyimbo cha ulere pafupi ndi miyala mwezi wa Juni, chinakula mpaka khoti linaletsa, ndipo pa 1 Juni 1985 apolisi anatsekereza mdipiti wa magalimoto a anthu opita kumeneko, panali kumenyana koopsa m'munda wa nyemba, anthu 537 anamangidwa, mpaka lero amati Battle of the Beanfield. Zaka zotsatira malowo ankatsekedwa nthawi ya solstice. Mmodzi mwa amene analimbana nazo m'makhothi ndi mkulu wina amene anasintha dzina lake mwalamulo kukhala Arthur Uther Pendragon, amayenda ndi lupanga ndi njinga yamoto, mukamuona wa ndevu zoyera atazunguliridwa ndi makamera ndi ameneyo. English Heritage, bungwe loyang'anira malowa, inayambanso kutsegulira anthu mu 2000.

MayiWaMvano_Salisbury

Abale ndabwera kudzapereka lipoti poti munandithandiza. Ndinapita. Koma ndisanapite ndinachita zimene abambo a ku Leeds ananena, ndinamukhazika pansi mnzanga uja pa bureki n'kumuuza kuti ine ndine Mkhristu, ndikuperekeza ngati mnzako koma pa mzere wanu sindikaima ndipo mawu anu sindikayankhira. Iye anangoseka akuti palibe amene amakakamizidwa, mwamuna wake yemwe amangokhala pambali kusunga zikwama. Ndiye ndinati ndimuyese ndi za aphunzitsi zija, ndati koma ukudziwa kuti ma Druid sanamange miyala ija? Ine ndimayesa akhumudwa. Akuti aaa zimenezo tonse timadziwa, za Iolo uja ndi zopeka zake amaphunzira m'gulu mwawo momwemo, akuti akamati makolo akutanthauza aliyense amene anaimapo pa chigwa chija n'kuyang'ana kum'mawa, kaya dzina lake anali ndani. Ndinasowa choyankha, ndinangoti tiye tikatembenuze agogo a mu rumu 6.

Tinakwera basi ku Salisbury cha m'ma 10 usiku kunja kusanaderetu. A Chingalande munanena zoona za kuzizira, ine ndinavala majuzi awiri, jekete, ndi chitenje pamwamba, mayi wina mpaka anandifunsa ngati chitenjecho ndi chovala cha mwambo wa kwathu wa dzuwa, ndati ayi amayi ndi cha mphepo kkkk. Ng'oma zija ndiye ndinapirira. Mwala ndinaugwira, dzanja limodzi, mwachangu.

Cha m'ma 4 mnzanga anatulutsa mkanjo wake mu chikwama cha pulasitiki cha ku shopu, wokwinyika, m'munsi muli madontho a matope a chaka chatha, anauvala pamwamba pa jekete n'kukhala ngati thumba la ufa, nsapato zake zomwe zija za kuntchito. Mantha anga onse anathera pamenepo. Anali anthu mwina 15, ambiri achikulire, wina ndi ndodo yoyendera. Anatembenukira mbali zinayi zija kupempha mtendere, kenako anayamba kuimba liwu limodzi lokoka, awen, katatu, mawu apansipansi ngati njuchi mu mng'oma. Ine ndinaima patali ndi mwamuna wake tikumwa tiyi wa mu fulasiki yanga, mumtima ndikunena Salimo 19 langa. Pamapeto anatchula mayina a anzawo amene anamwalira chaka chino, ndipo ndinamva mnzanga akutchula dzina la agogo ena amene tinkawasamalira tonse awiri, anatisiya mu Malichi opanda wachibale ndi mmodzi yemwe pambali, tinawatseka maso ndi ifeyo. Pamenepo ndisaname ndinalira.

Dzuwa lenilenilo silinaoneke pa nthawi yake, kum'mawa kunali mtambo wautali chopingasa, anthu anangokuwa ndi kuomba m'manja poyang'ana wotchi pa foni kuti yakwana, linadzatulukira pamwamba pa mtambo patapita mphindi ngati 20 ambiri atayamba kale kubwerera. Ndinafika kunyumba 8 koloko mapazi osawamva, ndinagona mpaka 3, usiku shifiti. Lamulungu ndinavala yunifomu yanga bwinobwino. A Nachisale, ku Anglesey kuja pa sitima kuchokera kuno ndi maola angati? Mnzangayu akuti sanafikeko, ndipo fulasiki yanga ikadali m'galimoto ya mwamuna wake amene anatitenga pa siteshoni.